Mamailosi 1,500 kukasamba madzi ofunda

Make Tadala: Abale mwaswera bwanji pagulu pano. Ndikulemba ndili ku Idaho, ndakhala pakabenchi ka mu RV, galimoto yokhala ngati nyumba tinabwereka ija, ndipo ndikapanda kuyankhula ndiphulika ine. Mukukumbuka ndinkati tikufuna tiwayendetseko amayi asanabwerere kumudzi mu August, nde bambo a Tadala anapeza malo ena pa intaneti a madzi otentha otumphuka pansi, zithunzi zake eee, nthunzi ili tolotolo, miyala yosalala, kumbuyo mapiri, anthu akumwetulira ngati alandira bonasi. Tinanyamuka ku South Bend ku Indiana Lolemba mbandakucha, msewu wa I-80 wonse uja, Iowa, Nebraska yosatha ija chimanga chokhachokha mpaka amayi anafunsa ngati kuno kulibe anthu, kenako Wyoming, masiku atatu pamsewu, tafika dzulo cha m'ma 4 koloko. Abale ndalama zathu zalowa m'madzi, madzi akenso ofunda

Nabanda Seattle: Kkkkk dikirani ndithire tiyi kaye ndikhale pansi. Mwapeza zotani achemwali

Make Tadala: Dibi ya ng'ombe. Sindikunama. Amene munakulira kumudzi mukuidziwa dibi, kathanki kakonkire kataliatali kaja, nde yomweyo angoipaka penti ya buluu yomwenso ikusendeka. M'mbali monse ndere zobiriwira, ukaponda pansi kuterera ngati therere, Tadala wagwa kawiri asanafike ndi pakati pomwe. Dziwe lalikulu la pachithunzi lija ati alitseka akulikonza, lilibe ndi dontho lomwe, mwangokhala mapaipi ndi wilibala. Pa webusayiti sanalembepo chilichonse, pobukitsa sanatiuze, tamvera pakauntala titalipira kale

Aphiri Denver: Kodi ndi ku Lava Hot Springs? Chifukwa ine kumeneko ndinapitako ndipo kunali bho kwambiri, madzi ake alibe ndi fungo lomwe

Make Tadala: Ayi Aphiri si ku Lava, ndi kamalo ka munthu basi, kutali ndi tauni. Dzina sinditchula pano, anthu ake tikadali pakhomo pawo kkk. Koma fungo ndiye lilipo, dzira lovunda lenileni, tangotsika mgalimoto amayi anayang'ana Tadala ndi diso lija kuganiza kuti mwana waipitsa mpweya

Alamu a ku Joni: Kkkkkk mwana wosalakwa

Make Tadala: Ndiye imvani za ndalama. Malo oimika RV $65 usiku umodzi, ife tabukitsa mausiku atatu. Ife timaona ngati kusamba kuli momwemo poti malowo amatchuka ndi madziwo. Ayi ndithu, kusamba ndi $15 munthu mmodzi tsiku lililonse, mwana $10. Tilipo anthu asanu. Malo oimikawo ndi pamiyala, palibe ndi mtengo umodzi woti ukhale pamthunzi, RV ya aneba ili pafupi moti tikumva akamatsuka mano, kuseri kwa mpanda kuli njanji, usiku sitima yadutsa katatu ikuliza hutala ngati ikutiitana maina

Bambo a Tadala: Pagulu pano ndikuona ndazengedwa mlandu ndisanaitanidwe. Ndifotokozeko mbali yanga. Malowa anali ndi nyenyezi 4 pa Google, ndinawerenga ndithu zomwe anthu analemba

Nabanda Seattle: Munawerenga za chaka chanji alamu

Bambo a Tadala: Zimenezo ndazionera kuno. Zoyamikira zonse ndi zakalekale, zachaka chino ndi zodandaula zokhazokha koma zinali pansi, ine ndinangowerenga zapamwamba

Aphiri Denver: Apo ndiye pamene munagwera achimwene. Nthawi zonse dinani kuti zikuonetseni zatsopano kaye, komanso zithunzi muziona zojambula alendo osati za eni malo, eni malo amajambula mu January m'mamawa kukuzizira nthunzi nkumaoneka yambiri ngakhale madziwo ali ofunda chabe. Inu mwapita mu July dzuwa likuswa mtengo, nthunzi muiona kuti

Make Tadala: Shuwa Aphiri, masana kuno kwafika 95 pa foni, amene mumawerenga za kwathu ndi 35. Munthu ukutuluka thukuta nkumakalowanso m'madzi ofunda. Ana angokhala mphindi khumi nkuyamba kufunsa ngati kuli dziwe lozizira

Malume Dallas: Nanga mayi athu akuti bwanji, poti ulendowu unali wawo

Make Tadala: Malume musandiseketse. Amayi paja ndi a ku Nkhotakota, akulira pafupi ndi Mawira, madzi otentha kwa iwo si nkhani yachilendo. Njira yonse amawafotokozera adzukulu kuti mukaona, madzi otuluka pansi akuwira okha opanda nkhuni, ife tinkachapa komweko zovala nkuyera mbee. Nde tafika, avula patapata, apisa phazi limodzi, akhala chete, apisa dzanja, kenako anditembenukira nkuti, iwe madzi awa aphitsa ndani, awaphula msanga. Basi abwerera kukakhala pampando ndi chitenje chawo

Nabanda Seattle: AWAPHULA MSANGA kkkkkkk ndafa ine

Alamu a ku Joni: Agogo anena zoona. Amene anapitako ku Chiweta ku Rumphi, pa M1 paja ukangotsika mapiri kuyandikira kunyanja, akudziwa kuti madzi otentha amatanthauza chani, pamene akutulukira sungayerekeze kupisa dzanja. Kwathu kuja tili mu Rift Valley nde akasupe oterewa ali mbwee mmbali mwa nyanja, kungoti sitiwatenga ngati kanthu. Inu mwaotcha mafuta a madola angati kukaona zomwe agogo anazisiya kuseri kwa nyumba

Bambo a Tadala: Za mafuta musandikumbutse alamu. Chigalimoto ichi ndi cha mafiti 30, chikuyenda mamailosi 9 pa galoni, pokwera phiri lija pakati pa Cheyenne ndi Laramie ndinkachita kuona muvi wa mafuta ukutsika ndi maso. Kubwera kokha petulo wadya pafupifupi $550, kubwereranso chimodzimodzi, osawerengera lendi ya usiku uliwonse ndi zamamailosi zomwe amatchaja padera

Aphiri Denver: Pamenepo ndi pa Sherman Summit, mafiti 8,640, palibe malo ena okwera kuposa apo pa I-80 yonse. Ine ndi thiraki ndimadutsapo pafupifupi sabata iliyonse. Mwachita mwayi kuti ndi chilimwe, komabe pobwerera chenjerani ndi mphepo chakuma Elk Mountain ndi Arlington, zikwangwani zamagetsi zija zikalemba kuti atseka kwa magalimoto aatali opepuka ndiye kuti akunena inuyo, RV imagudubuzika ngati chitini. Imani pa siteshoni mumwe khofi mphepo itsike

Make Tadala: Koma abale nkhani yeniyeni sindinayambe. Zonsezi ndi zazing'ono

Nachisale: Pali zinanso??

Make Tadala: Mamailosi 1,500, mwezi wathunthu tikukonzekera, tagula matawulo, tagula zosambira za ana, palibe mmodzi mwa ife anaganizako kuti dziwe ndi limodzi, amuna ndi akazi momwemo, ndiye mkamwini akavula bwanji malaya nkutsala ndi kakabudula apongozi ali pompo. Tazindikira tili pageti la dziwe, bambo a Tadala thawulo lili paphewa, amayi ali kutsogolo kwawo. Anangoyang'anana kamodzi basi aliyense nkuyang'ana kumbali. Bambo anu anayamba kuwerenga chikwangwani cha malamulo ngati nyuzipepala, anachiwerenga chonse mpaka nambala ya ambulansi, kenako ati ndaiwala kanthu mgalimoto. Sanabwerenso. $15 yawo yapita osanyowa ndi chala chomwe

Malume Dallas: Kkkkkk koma mkamwini wachita bwino, ameneyo analeredwa. America isatiiwalitse. Kunyanja kwathu amuna ali ndi dooko lawo akazi lawo, ndipo ukamayandikira umayamba waodira patali

Nabanda Seattle: Malume koma mu RV momwemo akugona bwanji, si chipinda chimodzi chomwecho chongotchinga ndi katani

Make Tadala: Amayi tawapatsa bedi lakumbuyo lili ndi chitseko, ana pamwamba pa dalaivala paja, ine patebulo losanduka bedi, bambo anu masiku atatu akugona atavala jinzi ndi lamba yemwe. Kuchimbudzi akumapita cha pakampu ngakhale 2 koloko usiku chifukwa cha mu RV chili pafupi ndi mutu wa apongozi ndipo khoma lake ndi pepala

Alamu a ku Joni: Holide imeneyi kapena chilango kkkk

Bambo a Tadala: Poti mwayamba kale kundivula ndimalize ndekha nkhaniyi asanaiwonjezere mchere. Pachikwangwani paja ndinaona kuti kuyambira 9 koloko usiku ndi akuluakulu okhaokha, ana ayi. Ndati eya, nthawi yanga ndi imeneyo, amayi akhala atagona, ndikaviike msanawu poti ndayendetsa masiku atatu. Panali mawu ena awiri pansi pake onena za zovala omwe sindinawalabadire. Ndapita ndi katochi ka pafoni, ndalowa, ndakhala pakona bwinobwino, madzi afundirako pang'ono poti kunja kwazizira, ndikuti apa nde zayamba kukoma. Kenako kwabwera madala ena awiri ndi akazi awo, azaka ngati 70, andipatsa moni mwaulemu kwambiri, avula mikanjo ija. Abale mkati munalibe kanthu. Mbulanda. Alowa, mmodzi wakhala pafupi nane nkuyamba kundifunsa kuti ndachokera kuti, kodi ku Malawi kuli mikango

Nachisale: Ambuye wanga kkkkkkk nde munayankha

Bambo a Tadala: Ndinayankha ndikuyang'ana nyenyezi. Ndafotokoza za Liwonde ndi Majete maso ali kumwamba khosi mpaka kuwawa, mphindi zisanu ndati pepani ndasiya mphika pamoto

Nabanda Seattle: Alamu zimenezo kuno kumadzulo nzosadabwitsa, Oregon, Idaho, Colorado, akasupe ambiri makamaka a kutchire anthu amalowa choncho, ena masana enieni. Ukaona alemba clothing optional udziwiretu. Tangoganizani mukanapita nawo amayi nthawi imeneyo

Make Tadala: Akanakwera ndege mawa lake, nkhani ikanafika ku mpingo ku Nkhotakota tisanabwerere ku Indiana

Nachisale: Tasekadi koma ndiyankhuleko zakuntchito pang'ono poti mwati kuli ndere ndipo madzi ndi ofunda. Ana asamamize mutu kapena kudumphira, madzi asalowe m'mphuno. M'madzi ofunda osathira mankhwala mumatha kupezeka kachilombo kotchedwa Naegleria fowleri, kamalowera m'mphuno nkukafika ku ubongo. Sizichitikachitika ayi, nzosowa kwambiri, koma kakamugwira munthu kupulumuka nkovuta zedi. Akhale mutu uli pamwamba basi. Komanso amayi ngati amamwa mankhwala a BP, mukapeza madzi otenthadi asapitirire mphindi 15 kapena 20, amwe madzi ambiri, potuluka adzuke pang'onopang'ono chifukwa chizungulire chimagwira pamenepo

Make Tadala: Zikomo anesi athu, Tadala ndamuletsa kale. Funso lina, ndolo za siliva zomwe ndinavala zada bii ngati makala, zawonongeka?

Nachisale: Ayi ndi sulufule wa m'madzimo, yemweyo akununkha ngati dzira. Yalani foyilo m'mbale, ikani ndolozo, thirani soda wophikira ndi madzi otentha, zisiyeni pang'ono ziyera. Ulendo wina muzivula musanalowe

Malume Dallas: Ine zinandichitikirapo zofananako ku Hot Springs ya ku Arkansas, kungoti kulakwa kunali kwanga. Ndinamva kuti national park ndiye m'mutu mwanga ndimaona maiwe m'nkhalango. Kufika ndi tauni, msewu waukulu, nyumba zakale zosambiramo zandandalika. Madzi ake amatuluka otentha 143, kwathu tingati 62, ndipo panja saloleza kusambamo, ufuna kusamba ulowe m'nyumba zija ulipire. Chomwe ndinapindula ndi madzi akumwa, ali ndi mipopi mtauni anthu amabwera ndi zigubu kudzatunga ulele, ndinaima pamzere ngati pa kiyosiki ku Ndirande

Alamu a ku Joni: Kuno tili ndi Bela-Bela ku Limpopo, kale ankati Warmbaths. Dzinalo likuchokera ku kuwira, ndendende Mawira a agogo. Mukadzabwera ndidzakutengerani, kumeneko anthu amavala

Make Tadala: China, magetsi akungothima. Dzulo ndimati ndiphike nsima amayi atopa ndi masangweji, ndayatsa ketulo, AC ikulira, mwana waika chakudya mu microwave, phwii zonse zii. Tapita ku ofesi kulibe munthu, pachitseko pali kapepala koti abwera mawa 10 koloko

Aphiri Denver: Apo malowo sanalakwe mlamu. RV yanuyo ndi ya 30 amp, ndiye kuti zonse pamodzi zisadutse mawati 3,600. AC yokha yadya kale pafupifupi theka, ketulo ndi microwave chilichonse chimafuna chikwi ndi kanthu, buleka ithima basi. Pitani pamtengo wamagetsi panja paja, tsegulani kabokosi, tsitsani buleka nkuikwezanso. Madzi a nsima wiritsani pa gasi, musaiwale kuyatsa fani ya pamwamba pa chitofu ndi kutsegula windo

Bambo a Tadala: Yayaka. Aphiri mukanakhala pafupi ndikanakugulirani Fanta. Tsopano tithandizeni nzeru, tatsala ndi mausiku awiri olipira kale kuno, RV tikabweze Lachitatu. Tipirire kapena tinyamuke

Nabanda Seattle: Nyamukani. Koma m'mawa pitani kaye ku ofesi, jambulani dziwe lopanda madzilo, asonyezeni tsamba lawo pomwe akulitsatsabe, pemphani akubwezereni mausiku awiriwo. Mwaulemu koma osasekerera, ife vuto lathu timayamba ndi pepani ngati talakwa ndife. Akakana lembani review ndi zithunzi, enanso asagwe m'dzenje lomwelo

Aphiri Denver: Lava ili kufupi nanu koma weekend ya July malo a RV kupeza nkovuta. Ine ndikuti pitani ku Thermopolis ku Wyoming, sikupatuka kwambiri panjira yobwerera. Tengani US-30 kudutsa Kemmerer mpaka I-80, pa Rock Springs mukhotere kumpoto 191 mpaka Farson, kenako 28 kukwera South Pass kutsikira ku Lander, Riverton, Shoshoni, nde mulowe Wind River Canyon, msewu wa m'mbali mwa mtsinje mapiri atakupanani uku ndi uku, muli matanelo atatu ana akasangalala. Ku Hot Springs State Park kuli nyumba yosambira ya boma, ULELE, madzi amawasunga pa 104 yomwe ndi 40 yakwathu. Thirani mafuta ku Rock Springs, pakatipo masiteshoni ndi otalikirana

Make Tadala: Ulele ku America? Aphiri pali chinyengo pamenepo

Aphiri Denver: Palibe. Malowo anali a mtundu wa Shoshone ndi Arapaho, anawagulitsa ku boma mu 1896 nthawi ya mfumu Washakie, ndipo nkhani yake imati anagwirizana kuti mbali ina ya madziwo anthu azisamba osalipira, mpaka lero zili choncho. Amakupatsani mphindi 20, zomwe anesi anena zija ndendende. Mupakimo mulinso njati zaku America zija zimangoyendayenda, muzionere mgalimoto osatsika. Imbani kaye foni mumve nthawi yomwe amatsegula, tisabwereze za dzulo

Alamu a ku Joni: Nanga Yellowstone si kufupi, ndimaona pa TV maiwe okongola amitundumitundu

Aphiri Denver: Amenewo ndi oonera ndi maso alamu, kulowamo nkoletsedwa ndipo anthu anafapo, ena ndi owira ena ali ndi asidi. Pomwe ankaloleza kusamba pa Boiling River anatseka chisefukire madzi mu June 2022

Malume Dallas: Vuto la mkamwini likhalapobe kumeneko, mukonzeretu ndondomeko

Make Tadala: Takambirana kale malume. Amayi ndi ine ndi ana tilowa koyamba, bambo akaone njati. Tikatuluka amayi akalowa mu RV atseka chitseko, ndiwaimbira foni

Make Tadala: Abale ndabweranso, lero Loweruka tili ku Thermopolis. Za kuja anatibwezera usiku umodzi wokha, wina ati malamulo salola, mayi wa pakauntala anati dziwe lalikulu lakhala lotseka chiyambire chilimwe, nanga bwanji osalemba, wangokweza mapewa. Review ndalemba kale ndi chithunzi cha wilibala. Kuno fungo la dzira liliponso osanama koma madzi ndi oyera ndipo ndi otenthadi. Amayi alowa ndi chitenje chomanga pachifuwa pamwamba pa chosambira chomwe ndinawagulira, akhala pansi madzi afika m'khosi, atsinzina, mphindi 20 zatha ndachita kuwakoka. Ati mawondo amasuka

Nabanda Seattle: Nde agogo apereka mamalikisi angati

Make Tadala: Ati awa ndiye aphitsa bwino, koma Mawira ndi Mawira, komanso adandaula kuti madzi onsewa palibe ndi mmodzi yemwe akuchapa

Nachisale: Kkkkk agogo akanabwera ndi sopo wa mtanda

Bambo a Tadala: Ine ndalowa, ndasamba, aliyense anavala, ndathokoza. Koma Aphiri muli pafupi? Kagetsi ka thanki ya kuchimbudzi kafika pa full, ndaima pamalo otayira, paipi ndalumikiza, pali zokoka ziwiri yakuda ndi yotuwa, ndiyambe iti

Aphiri Denver: Valani magolovesi. Onetsetsani kuti paipi yakhoma mbali zonse ziwiri, kumapeto kwakeko tsamiritsani mwala kapena pondani ndi phazi. Yakuda kaye, idikireni ithe, tsekani, kenako yotuwa kuti madzi a kusinki ndi kushawa atsuke paipiyo

Bambo a Tadala: Za mwalazo mwachedwa nazo

Make Tadala: Ndikuwaonera pawindo. Amayi ati nsapato zimenezo zisalowe muno